Nkhawa Muzikaitula kwa Mwini Wake

Ana anga ndi adzukulu anga, nkhope zanu ndikuziona. Wina akudikira zotsatira za MSCE mtima uli m'mwamba. Wina satifiketi yake yakhalitsa m'sutikesi, ntchito osaoneka. Wina akuzemba mwini katapila amene anakongola kuti agulire feteleza. Mavuto amenewa ndi enieni, ndipo sindikuwachepetsa. Koma vuto ndi lina, nkhawa ndi ina. Nkhawa ili ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba limaoneka lodzaza, koma polimasula mumapeza deya yekhayekha. Munthu akuyenda, akuseka nawo anzake, koma m'kati anatha kale.

Pa Mateyu 6:25-34, Yesu ankalankhula ndi anthu wamba, alimi ndi asodzi okhometsedwa msonkho ndi Aroma, odziwa kugona ndi njala. Anawalozera mbalame ndi maluwa akutchire, n'kuwafunsa ngati kuda nkhawa kungatalikitse moyo wa munthu. Sanawauze kuti ataye makasu ayi. Mbalame imene Mulungu amaidyetsa imalawirira kukafuna chakudya. Ndiye inu phunzirani kusiyanitsa. Chimene chili m'manja mwanu chitani lero: palirani munda, werengani mabuku, pitani kwa mwini ngongole mukagwirizane za kabwezedwe. Koma mvula, za mawa ndi mtima wa munthu wina si zanu. Zimenezo mukazisenza zidzakuthyolani khosi, chifukwa mwini wake ndi Mulungu.

Pokazitula kwa Iye, musazungulire. Ambiri timapemphera mongophimba, kuti Ambuye atithandize pa zonse, kenako n'kudzuka ndi katundu yemwe uja. Nenani chimene chikukusowetsani tulo: fizi ya teremu ino, amayi amene agonekedwa kuchipatala, banja limene lazizira. Hana anatero ku Silo. Anapemphera mowawidwa mtima, milomo yokha ikugwedera, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Atachoka pamenepo anadya, nkhope yake n'kumasuka, mwana amene ankapemphayo, Samueli, asanabadwe n'komwe. Mtendere unafika yankho lisanafike.

Paulo, polembera Afilipi ali m'ndende, anawauza kuti popempha aziphatikizapo kuyamika (Afilipi 4:6-7). Anthuwo sakanamutsutsa, pakuti mumzinda mwawo momwemo iye ndi Sila anakwapulidwa, n'kutsekeredwa m'chipinda cham'kati, koma pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimba, akaidi anzawo akumvetsera. Kuyamika si kunamizira kuti zonse zili bwino. Ndi kukumbutsa mtima zimene Mulungu wachita kale, chifukwa nkhawa imaiwalitsa. Mwa akhate 10 amene Yesu anawachiritsa, mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anabwerera kudzathokoza.

Choncho madzulo, musanapemphe kanthu, ikani foni pambali. Zithunzi za anzanu pa Facebook zimangoonetsa tsiku limene anavala bwino, sizionetsa ngongole zawo. Yambani kutchula zabwino zimene Mulungu wakuchitirani. Mu February, nkhokwe itayera, mnansi anakupatsani mbale ya ufa, ndipo munadya nsima ndi nkhwani wotendera. Mwana amene anatentha thupi usiku wonse, m'mawa anapempha phala. Mukatchula zotere chimodzichimodzi, mudzaona kuti amene anakudutsitsani dzulo sanasamuke.

China ndi ichi, makamaka inu anyamata amene munauzidwa kuti mwamuna salira: mutu umodzi susenza denga. Uzani abusa, mkulu wa mpingo, amayi a Mvano kapena anzanu a kumphakati. Ndipo ngati tulo tathawa kwa masabata, chakudya sichikulowa, kapena maganizo odzichotsera moyo ayamba kubwera, thamangani kuchipatala. Kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kutero si kuchepa chikhulupiriro. Mneneri Eliya anafika popempha imfa pansi pa mtengo m'chipululu, ndipo Mulungu sanamukalipire. Anamulola kugona, namutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi kawiri konse, kenako n'kumupatsanso ntchito.

Ine ndikufuna mufike pa imvi ngati zangazi mitima yanu ili yamoyo. Gwirani ntchito ya lero, pempherani mosabisa, thokozani tsiku ndi tsiku, ndipo mukaona mnzanu wayamba kudzipatula, musadikire kuti akuitaneni. Pitani mukakhale naye.