Anagula mitengo kapena anagula gombe?

Caka catha, nyengo ya mwera, malume anga anandiitanitsa kumudzi. Ndinanyamuka mtima uli m'mwamba poganiza kuti kwagwa matenda. Ndinawapeza ali bwinobwino, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Titalonjerana anati, "Mphwanga, iwe umalankhula pa wailesi, malamulo umawamva. Kwabwera bwana wina wa ku Nampula, akufuna malo ano. Akuti amange nyumba yoti azidzapumuliramo ndi ana ake pa Disembala. Ndimuyankhe ciyani?"

Malo amene ankanenawo si aakulu. Pali mitengo ya mango isanu, kamunda ka cinangwa ndi kanyumba ka udzu kamene denga lake linayamba kale kuthyoka msana. Pakati pake pamadutsa kanjira kotsikira kudooko. Amayi a mbali ino ya mudzi amadzera pamenepo popita kukatunga madzi ndi kukatsuka mbale, anyamata amakokerapo mabwato, ndipo usipa ukagwidwa wambiri amauyanika pamcenga wa kumunsi kwake. Malume anakhalapo cifukwa amayi awo, agogo anga, ndiwo ankalimapo.

Yankho langa loyamba linali la pa wailesi. Ndinawauza kuti m'dziko lathu nthaka sigulitsidwa. Kucokera pa ufulu wa 1975 nthaka yonse ndi ya Boma, ndipo Lamulo la Nthaka, nambala 19/97, linasunga mfundo imeneyi: sungaigulitse, sungaiike cikole pa ngongole. Cimene munthu amakhala naco ndi ufulu wokhalapo ndi kugwiritsa nchito, umene pa Cipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Malume anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaseka. "Zimenezo bwanayo akuzidziwa kuposa iwe. Iye akuti sakugula nthaka, akugula mitengo ndi nyumba."

Apa ndinasowa poyambira, cifukwa lamulo limalola munthu kugulitsa zimene anamanga ndi zimene anabzala. Njira imeneyi si yacilendo. Nkhondo itatha mu 1992, anthu a ndalama a ku Maputo ndi a ku South Africa anayamba kufuna malo m'mphepete mwa nyanja ya mcere, ku Ponta do Ouro, ku Tofo, ku Barra, ku Vilankulo. Ku Inhambane, kumene cuma ca banja ndi mitengo ya kokonati, malonda ambiri anayenda motero: papepala mitengo, koma m'mitima ya onse awiri, malo. Tsopano mphepo yomweyo yafika kunyanja yathu. Ndipo tisanamizane. Ndalama imene bwanayo anachula ikanagula mango a mudzi wonse kwa zaka zambiri. Palibe munthu amacoka ku Nampula kudzafuna mango. Akufuna madzi oyera, mcenga, ndi dzuwa likamalowa kutsidya ku Malawi.

Ndiye funso limene landivutitsa miyezi yonseyi ndi ili: ngati wogula ndi wogulitsa agwirizana, palibe wakakamizidwa, ndipo mapepala akonzedwa, pali colakwa kodi?

Wogulayo sindimuweruza msanga. Kufuna kupuma pafupi ndi madzi si chimo. Munthu wagwira nchito caka conse m'fumbi la m'tauni, wasunga ndalama zake, akufuna ana ake aphunzire kusambira. Ifenso tikapeza kangacepe timathamangira ku Lichinga kukafuna malo omangapo, ndipo sitifunsa kuti pamenepo ankalimapo ndani. Wogulitsanso sindimuweruza. Malume ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo akupalasabe bwato ndi manja pamene anzawo ali ndi injini. Mdzukulu wawo anakhoza sukulu koma akungokhala. Ndazindikira kuti amene timafuula kwambiri kuti "musagulitse colowa ca makolo" ndife amene mwezi ukatha timalandira kanthu, ngakhale kocepa. N'kosavuta kusunga mwambo ndi mimba ya munthu wina. Ine ndinabwerera ku nchito pa njinga yamoto, iwo anatsala pansi pa denga lodontha.

Koma pali cinthu cimodzi cimene sicikundicoka. Munthu angagulitse cokhaco cimene ndi cake. Mitengo itatu mwa isanu ija anabzala ndi malume, imeneyo ndi thukuta lawo. Iwiri inabzalidwa ndi agogo, ndipo kwathu kuno ca mayi cimatsata mbumba, kotero amayi anga ndi ang'ono awo ali ndi mawu pamenepo. Nanga kanjira kaja ndi ka yani? Palibe anakalima. Kanapangidwa ndi mapazi a anthu a mibadwo ingapo. Mcenga woyanikapo usipa palibe anauthira. Zinthu zimenezi sizilembedwa pa pepala la malonda, komabe tsiku limene mpanda udzaimikidwa zidzapita pamodzi ndi mango. Ndalama idzalowa m'dzanja limodzi, koma kuzungulira ndi ndowa pamutu kudzagwera amayi amene sanalandireko ngakhale metikali imodzi. Malonda otere amaoneka a anthu awiri cifukwa cakuti olipira enawo sanaitanidwe.

Wina anganene kuti kulandira mlendo ndi mwambo wathu, ndipo n'zoona. Midzi yathu ya m'malire ikudziwa bwino zimenezi. Nthawi ya nkhondo ambiri a ife tinaolokera ku Malawi, ena ku Likoma, ena ku Tanzania, ndipo eni ake anatipatsa pogona ndi polima. Sitingakhale ife oyamba kunena kuti mlendo asapatsidwe malo. Koma taganizani za mlendo amene mafumu ankamupatsa malo kale. Ankabwera kudzakhala. Maliro akagwa ankanyamula khasu kupita kumanda. Mbuzi zake zikadya cinangwa ca mnzake ankaitanidwa pabwalo, ndipo ankabwera. Ana ake ankakwatira ana athu, mpaka patapita zaka palibe ankakumbukira kuti anali wobwera. Malo ankapatsidwa pamodzi ndi udindo, ndipo akacoka, malowo ankabwerera kwa eni.

Mwini nyumba yopumuliramo ndi mlendo wa mtundu wina. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Uyu amakamukadi, pakatha masabata awiri kapena atatu wapita, koma simenti yake imatsala. Miyezi khumi ndi umodzi nyumba ili yotseka, makatani otsitsa, pamene kuseri kwa mpanda banja la anthu asanu ndi atatu likugona m'zipinda ziwiri. Pamaliro sadzapezeka, osati cifukwa ca nkhanza, koma cifukwa sadzamva n'komwe. Mukafuna kukamba naye za njira, mudzapeza mlonda. Ndipo mlondayo adzakhala mwana wathu yemwe. Ici ndico cimandiwawa kwambiri: mnyamata amene anakulira pa dooko limenelo adzalipidwa kuti aziuza azakhali ake kuti pano sipodutsa. Akawalola, nchito yatha. Akawabweza, madzulo adzadya nsima kwa yani?

Anthu ena oimba foni ku pulogalamu yathu amafanizira zimenezi ndi nthawi ya Companhia do Niassa, imene inalamulira dera lino mpaka 1929. Ine sindivomereza. Kampani ija sinapemphe munthu, inkangotenga msonkho ndi anthu a nchito. Bwana wa ku Nampula wabwera ndi ulemu, wakhala pa mphasa, wafunsa. Citseko tikutsegula ndife, ndiye cifukwa cake nkhaniyi ndi yovuta kuposa ya atsamunda. Palibe mdani woti timuloze cala.

Lamulo silinatisiye manja ali m'khosi, kungoti ambiri sitilidziwa. Banja limene lakhala pamalo motsata mwambo lili ndi DUAT ngakhale lilibe pepala, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa. Mwana wa dziko lino amene wagwiritsa nchito malo mwa mtima woona kwa zaka 10 alinso ndi ufulu womwewo. M'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje yoyendamo ngalawa, mamita 50 kucokera pamene madzi amalekezera akadzaza ndi malo otetezedwa. Kunyanja ya mcere ndi mamita 100, ndipo m'malire a dziko a pamtunda ndi makilomita 2, cinthu cimene inu a m'midzi ya m'malire muyenera kucisunga. M'malo otere munthu sapatsidwa DUAT, koma cilolezo capadera basi. Mwini malo ayeneranso kusiyira anansi ake njira yopita kumsewu ndi kumadzi ngati alibe kwina kodzera. Munthu wa dziko lina ayenera kukhala atakhala m'Mozambique zaka zosacepera 5 ndiponso kukhala ndi nchito ya citukuko yovomerezedwa ndi Boma. Ndipo Boma lisanapereke malo kwa wopempha watsopano, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa.

Kufunsidwa kumeneku ndiko kumafuna maso. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wotere, m'mudzi umene sindiuchula. Unacitika m'mawa, nthawi imene amayi ali kumunda ndipo asodzi akugona atacezera usiku panyanja. Panali akuluakulu ocepa, mabotolo a zakumwa ndi munthu wolemba. Wopempha malo analonjeza mjigo ndi malata a sukulu, anthu anaomba m'manja. Nditapempha kuona cikalata ca msonkhanowo, mjigo munalibe, malata munalibe. Munali mawu akuti anthu avomera, ndi zidindo za zala. Lamulo linatsatidwa, koma amene amagwiritsa nchito dooko tsiku ndi tsiku sanafunsidwe. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza omvera kuti lonjezo limene silinalowe m'cikalata musaliwerengere, ndipo cikalataco ciwerengedwe mokweza m'Cinyanja munthu asanaike cala.

Za nchito zimene nyumba zotere zimabweretsa, tiyeni tiziwerenge moona. Pomanga, anyamata adzapeza ganyu youmba njerwa ndi kutunga madzi kwa miyezi ingapo. Ikatha, patsala mlonda mmodzi, mwina ndi wosesa. Malo ogona alendo amene amatsegula caka conse ndi nkhani ina, cifukwa amagula nsomba ndi ndiwo zamasamba ndipo amalemba anthu angapo. Nyumba ya banja limodzi imadza ndi zakudya zake m'galimoto. Cimene imasinthadi ndi mtengo wa malo. Woyandikana naye akamva ndalama imene mnzake walandira, sadzaperekanso malo kwa mphwake amene wakwatira kumene, adzadikira bwana wina. Mwana wa m'mudzi wofuna kumanga adzakankhidwira kumtunda, kumiyala, kutali ndi bwato lake.

Malume sindinawauze kuti akane. Ndinalibe mphamvu imeneyo, ndipo ndinalibe injini yoti ndiwapatse. Ndinangowapempha kuti asayankhe okha. Patapita sabata mbumba yonse inakhala pansi pa mango omwewo, a mfumu aliponso. Zinalankhulidwa zambiri, zina zowawa. Malume anafunsa alongo awo kuti pa zaka zonsezi ndani anawagulirako ngakhale lata limodzi, ndipo palibe anayankha. Potsiriza amayi anga aang'ono, amene sanapiteko kusukulu, ndiwo anadula nkhani. Anati, "Acimwene, kumtunda kwa njira mupatseni, ndi mitengo yanu itatu. Iwiri ya amayi ikhale. Njira ikhale kunja kwa mpanda, ndipo zilembedwe. Akafuna kusamba azitsika ndi njira yomweyo ngati ife tonse."

Bwanayo atauzidwa pa foni anati aganizire kaye, cifukwa iye ankafuna mpanda wofika kumadzi kuti ana ake azisewera mosasokonezedwa. Papita miyezi isanu ndi iwiri osaimbanso. Tamva kuti anaoneka m'mudzi wina kumpoto kwathu, akuyeza malo ndi cingwe. Malume akupalasabe ndi manja, ndipo ndikapita kukawaona amandilonjera bwino, koma nkhani ya injini saiyambitsanso pamaso panga. Denga lija tinalifolera ndi udzu watsopano mvula isanayambe.