Kodi Ola Limene Tasunga Lipita Kwa Yani?

Masiku ano munthu wa ntchito ya mu ofesi, ya m'chipatala kapena ya uphunzitsi sasowa om'langiza za kasamalidwe ka nthawi. Mabuku alipo, maphunziro a masiku awiri kapena atatu alipo, ndipo foni imene ili m'thumba mwake ingathe kumuwerengera mphindi zonse zimene wataya pa tsiku. Malangizo ake sasiyana kwenikweni: lemba madzulo zimene udzachite mawa, yamba ndi ntchito yovuta mutu usanatope, usagwire zinthu ziwiri nthawi imodzi, phunzira kukana. Malangizowa ndi abwino, ndipo makolo athu adawadziwa kale pamene adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Koma pali funso limodzi limene alangiziwo salifunsa kawirikawiri. Munthu akatsata zonsezi nasunga ola limodzi pa tsiku, kodi olalo lipita kwa yani?

Funsoli silatsopano. Luso loyeza ntchito ndi wotchi lidatchuka ndi munthu wina wa ku America, Frederick Winslow Taylor, amene adatulutsa buku lake The Principles of Scientific Management m'chaka cha 1911. M'bukumo adasimba za anthu onyamula zitsulo ndi kuzikweza m'ngolo za sitima pa kampani ya Bethlehem Steel. Monga adalembera mwini wake, munthu mmodzi ankakweza matani 12 ndi theka pa tsiku. Koma atam'pimira nthawi yonyamula, yoyenda ndi yopuma, adafika pa matani 47. Malipiro ake adakwera kuchokera pa $1.15 kufika pa $1.85. Tiyeni tiwerenge bwino pamenepa: ntchito idachuluka pafupifupi kanayi, koma malipiro sadafike ngakhale powirikiza kawiri, ndipo nthawi yowerukira sidasinthe. Taylor yemweyo adavomera kuti mwa amuna asanu ndi atatu, mmodzi yekha ndiye adali ndi mphamvu zokwanira ntchito yotereyi. Nthawi idasungidwadi, koma yambiri idalowa m'thumba la mwini zitsulo.

Sitingakane kuti pambuyo pake gawo lina lidabwerera kwa antchito. Koma silidabwere lokha ayi. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya 1891, adali atachenjeza kale kuti ntchito ya tsiku isapitirire mphamvu za munthu, ndi kuti wantchito apatsidwe mpata wopuma ndi wopembedza. Mabungwe a antchito adalimbana zaka zambiri, kufikira m'chaka cha 1919 pamene pangano loyamba la bungwe la International Labour Organization lidaika malire a maola 8 pa tsiku ndi 48 pa mlungu m'mafakitale. Malire omwewo a maola 48 alinso m'lamulo lathu la ntchito la m'chaka cha 2000. Katswiri wa zachuma John Maynard Keynes adafika polosera mu 1930 kuti pakutha pa zaka 100 anthu azidzagwira ntchito maola 15 okha pa mlungu. Zaka 100 zija zatsala pang'ono kukwana, koma kafukufuku amene mabungwe a WHO ndi ILO adatulutsa mu 2021 adapeza kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 adamwalira ndi matenda a mtima ndi a sitiroko chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu. Makina akafulumizitsa ntchito, ntchito inanso imabwera kudzadzaza pamene patsala mpata.

Tsono wina asamve mawu awa ngati chilolezo cha ulesi. Kuno kwathu tchimo la nthawi limene limaonekera kwambiri ndi lakusunga anthu pa benchi. Mayi wachokera kumudzi mbandakucha, wagulitsa nkhuku kuti apeze yokwerera minibasi, wafika pa ofesi zitseko zisanatsegulidwe. Mwini ofesi afika dzuwa litakwera, ayamba wamwa tiyi, kenaka apita kumsonkhano, ndipo masana mayi uja amva mawu odziwika aja akuti abwerenso mawa. Palibe ndalama imene yatuluka m'chitenje mwake ndi dzanja la munthu, komabe waberedwa: tsiku lake la kumunda lapita, ndipo nkhuku ina iyenera kugulitsidwa. Wapampando amene achedwetsa anthu 20 ndi theka la ola wawononga maola 10 a eni ake, ngakhale alowe akumwetulira ndi kupepesa. Ine ndiganiza kuti zoterezi zikhudza lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndipo ziyenera kutchulidwa polapa monga momwe titchulira kuba kwina kulikonse. Munthu amene waphunzira kulongosola tsiku lake kuti mayi uja athandizidwe lero lomwe wachita ntchito ya chilungamo, ndipo ola limene wasunga lapita kwa mwini wake weniweni.

Koma kufulumira nakonso kuli ndi msampha wake, ndipo pano mpamene nkhani ivutira. M'chaka cha 1973 akatswiri awiri, John Darley ndi Daniel Batson, adafalitsa zimene adapeza poyesa ophunzira za ubusa pa Princeton Theological Seminary. Wophunzira aliyense adauzidwa kuti apite ku nyumba ina akalankhule mwachidule, ndipo ena adapatsidwa mutu wa fanizo la Msamariya wachifundo. Ena adauzidwa kuti nthawi ikadalipo, ena kuti achedwa kale ndipo akudikiridwa. Panjira adaikapo munthu wokhala pansi chozyolika, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene adali ndi nthawi, 63 pa 100 aliwonse adathandiza. Mwa amene adauzidwa kuti achedwa, 10 okha pa 100. Mutu wa ulaliki sudasinthe zinthu kwenikweni, ndipo ena adachita kum'lumpha munthuyo pothamangira kukalalika za Msamariya. Ophunzirawo adali 40 okha, choncho tisamange nyumba yaikulu pa maziko ang'ono. Komabe aliyense amene adathamangirapo basi adziwa kuti maso a munthu wofulumira amaona njira yokha.

Chimene chindikhudza pa nkhaniyi nchakuti anyamatawo sadali ouma mtima. Ankathamangira kusunga pangano, ndipo kusunga pangano ndi chinthu chomwe tachiyamikira pamwambapa. Namwino amene ali ndi odwala ambirimbiri pa mzere sangakhale ola lathunthu ndi gogo mmodzi amene afuna kufotokoza matenda ake kuyambira chaka cha njala. Akatero alakwira onse otsalawo. Akam'dula mawu, mwina ataya chizindikiro chokhacho chimene chikadaulula nthenda. Palibe buku la kasamalidwe ka nthawi limene lingam'masule pa mfundo imeneyi. Chimene tinganene nchakuti tsiku lodzaza mpaka pakamwa, lopanda ndi mpata umodzi womwe, lam'sankhira kale munthu chochita asanaone amene wagwa panjira.

Benedikto Woyera, amene adalemba Malamulo a amonke ku Monte Cassino m'dziko la Italy m'zaka za m'ma 500, adali wosamala nthawi koposa mabwana ambiri a lero. Adagawa tsiku m'zigawo za mapemphero, za kuwerenga ndi za ntchito ya manja, nasintha maola ake molingana ndi nyengo ya chaka. Ulesi adauona ngati mdani wa mzimu. Chizindikiro cha mapemphero chikamveka, mmonke ayenera kusiya pomwepo chilichonse chili m'manja mwake, ngakhale ntchitoyo itatsala pang'ono kutha. Ndiye kuti ntchito ili ndi polekezera pamene sipaikidwa ndi ntchitoyo. Adalamulanso kuti ofooka apatsidwe ntchito yoti isawapsinje kapena kuwathawitsa. Koma chimene chindikondweretsa koposa ndi lamulo la pa chipata. Benedikto adati pakhomo pa nyumba ya amonke paikidwe munthu wachikulire wanzeru, wodziwa kulandira uthenga ndi kuyankha, ndipo chipinda chake chikhale pafupi ndi chitseko kuti wobwera aliyense apeze wom'yankha nthawi zonse. Ntchito ikam'chulukira, apatsidwe wachinyamata wom'thandiza.

Taylor akadaima ndi wotchi yake pa chipata chimenecho akadalemba kuti mkuluyo ataya maola ambiri osachita kanthu. Chikhalirecho kukhala kwakeko ndiko kumene kunkalola ena onse kulima, kuphika ndi kulemba mabuku mosadodometsedwa, popanda mlendo kapena mmphawi kubwerera pa chitseko chotseka. Benedikto adadziwa kuti wogogoda adzabwera ndithu, ndipo adam'konzeratu malo m'dongosolo la tsiku. Sadasiye nkhaniyi pa chifundo cha mmonke wotanganidwa amene angapezeke pafupi.

Malo athu a ntchito angaphunzirepo kanthu, makamaka pa nkhani ya maliro. Tonse tidziwa kuti uthenga wa zovuta ukafika, ofesi yonse ingathe kutsekedwa, anthu a pa benchi aja nkutsala okha. Ena amati tisiye mwambo, ena amati ntchito idikire. Koma maliro sabwera ngati chinthu chachilendo pakati pathu. Mkulu wa ntchito wanzeru angagwirizane ndi anzake nthawi ikadalipo za amene adzapite kukaimira onse ndi amene adzatsale pa zenera, mosinthana, kuti ofedwa asasowe owapepesa ndiponso wodzafuna chithandizo asabwerere chabe. Mkulu yemweyo aziyamba waganiza asanatumize uthenga wa ntchito pa WhatsApp usiku ana atagona. Ku France nkhaniyi idafika mpaka m'malamulo: kuyambira mu 2017 makampani a antchito 50 kapena kuposerapo ayenera kukambirana ndi antchito awo za nthawi imene munthu ali ndi ufulu wosayankha mauthenga a ntchito.

Ndipo kunyumba nako, abale anga, kuli chipata. Bambo kapena mayi amene amatamidwa ku ntchito kuti sachedwa ndiponso saiwala, kawirikawiri ali ndi wina pambuyo pake amene amalandira zonse zosayembekezeka: mwana akatentha thupi, madzi akasiya kutuluka, alendo akafika osanena. Nthawi zina ndi mkazi wa pa nyumbapo, amene nayenso ali ndi ntchito yake yolembedwa. Nthawi zambiri ndi mtsikana wantchito, amene amadzuka onse ali m'tulo nagona mbale zitatha kutsukidwa. Wa pa chipata wa Benedikto adali ndi chipinda chake, ulemu wake ndi wom'thandiza. Lamulo lathu la 2000 lija limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24. Komabe m'makomo ambiri a ife Akhristu, Lamulungu m'mawa banja lonse likavala kupita ku Misa, mtsikanayo amatsala akusenda mbatata za nkhomaliro.