Nyemba za a Nakamba

Padangokhala a Pusi ndi akazi awo a Nachanga. Ankakhala ku Area 25 mu Lilongwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yokhala ndi geti lolira likamatsekulidwa. A Pusi adali kalaliki pa kampani ina ku Kanengo. A Nachanga ankagulitsa m'sitolo ya nsalu ku Old Town. Mwezi ukatha, mafoni awiri ankalira m'nyumbamo. Anansi ankati: "Banja lodala ndi ili, mitsinje iwiri ikuthira dziwe limodzi."

Mu Meyi 2023 mudabadwa mwana, namutcha Mphatso. Maso adatengera amake, aakulu ndi owala. Manja adatengera abambo ake, ogwira chilichonse chodutsa pafupi.

Tchuthi cha uchembere sichichedwa kutha. Lamulo la ntchito limapereka masabata 8, ndipo masabatawo adathamanga ngati madzi a m'ngalande. Ndiye adaitanitsa wolera mwana kuchokera ku Mitundu. Tsiku lina a Nakamba adatsika minibasi pa Nsungwi, nayenda pang'onopang'ono mpaka pageti. Katundu wawo adali kachikwama kamodzi, chitini chakale cha mkaka, ndi chitenje chofwifwa chimene maluwa ake adasiya kale kuoneka ngati maluwa. Adamutenga Mphatso, namuika kumbuyo, namanga chitenjecho. Mwana uja tulo.

Usiku womwewo a Pusi adatulutsa kope ndi cholembera.

"Amake Mphatso, tsopano tachuluka. Tigawane katunduyu. Lendi, mayunitsi a ESCOM ndi madzi, izo n'zanga."

"Ufa, ndiwo, makala, sopo ndi matewera, izo ndisiyireni," adatero a Nachanga.

"Nanga K50,000 ya a Nakamba?"

"Imeneyo ndi ya tonse. Tizidzaona mwezi ukatha."

"Nanga zotsala?"

A Nachanga adaseka. "Chotsala chanu n'chanu, abambo a Mphatso. Changa n'changa."

Adatseka kope, nagona mosangalala.

Koma kusiya khanda m'mawa kumawawa. A Nachanga ankadzuka tambala woyamba, nafinyira mkaka m'kapu, natuluka mwakachetechete. Mu minibasi mabere ankalemera, mtima nawo unkalemera. Pobwera madzulo ankapeza mwana atasamba, atagona, akununkhira chitenje cha a Nakamba. Tsiku limene Mphatso adaseka koyamba mokweza, amake adali ku Old Town akuyeza mamita a nsalu. Tsiku limene adagudubuka yekha, abambo ake adali ku Kanengo akuwerenga malisiti. Zonsezi ankangozimva kwa a Nakamba.

Tsono achanga sagona usiku. Pakati pa usiku, mwana ali kubere, a Nachanga ankayatsa foni. Pa WhatsApp padali Bilimankhwe, wamalonda wosintha zithunzi ngati mmene amasinthira khungu. M'mawa zofiira, masana zobiriwira, usiku zagolide. Usiku umenewo adaika tinsapato ta mwana, toyera mbee, tokhala ndi kabelu kuchidendene. Pansi pake adalemba: "Zatsala ziwiri zokha."

A Nachanga adayang'ana tinsapato. Adayang'ana timiyendo ta Mphatso. Adayang'ananso tinsapato. Chala chidayenda chokha: *211#, nambala ya Bilimankhwe, manambala anayi achinsinsi. Basi.

Ndalama ya m'manja imalira ikamachoka. Umaimasula pamfundo, umaiwerenga kawiri, umaiona ikulowa m'thumba la wina. Ya pafoni imachoka ngati mphaka, osagwetsa ngakhale supuni.

Mawa lake masana pageti padamveka pipiii! Adali Kalulu pa njinga yamoto, chipewa chili pheee pamutu, makutu atapindira mkati.

"Odi, agogo! Katundu wa madamu!"

A Nakamba adalandira. Foni yawo yamabatani idalira. "Azakhali, mwalandira? Ikani pansi pa bedi. Bambo asadziwe, ndiwauza ndekha."

A Nakamba adaika pansi pa bedi. Kenako adapita kukhitchini, natola nyemba imodzi yoyera, naiponya m'chitini chawo. Kho!

Madzulo a Pusi adaona tinsapato. "Izi zachokera kuti?"

"Anzanga a kusitolo. Mphatso ya Mphatso."

Ku Kanengo nako kudali nkhani. Pa nthawi ya nkhomaliro a Nyani, mnzawo wa a Pusi, ankayendetsa foni pamaso pa aliyense. "Taonani wanga. Kagalimoto aka n'kochokera ku Johannesburg. Kamayimba, kamayaka magetsi." A Pusi adameza chipisi movutikira. Mwana wa a Nyani m'galimoto, wa a Pusi pamkeka? Adafunsa nambala. Idali ya Bilimankhwe yemwe uja.

"Bwana, perekani theka lero, theka katundu akafika. Masabata awiri basi."

*444#, manambala anayi achinsinsi. Basi.

Podikira kagalimotoko, a Pusi adaonanso kanyale koonetsa nyenyezi kudenga. Ichi chakoma. Adaona kachipangizo kotenthetsera botolo. Ichinso chakoma. Adaona suti ya mwana yokhala ndi tayi, kachidole kolankhula Chingerezi, kampando kogwedezeka kokha. Pipiii! Pipiii!

"Agogo, katundu wa bwana!"

Foni yamabatani idaliranso. "Amayi, mwalandira? Ikani pamwamba pa wadiropu. Madamu asadziwe, ndiwauza ndekha."

Nyemba yofiira m'chitini. Kho!

"Izi zachokera kuti, abambo a Mphatso?"

"Anzanga a ku ofesi. Mphatso ya Mphatso."

A Nachanga mumtima ankati: amuna anga ali ndi anzawo abwino, ndiye ndalama zawo zikusungika. A Pusi mumtima ankati: akazi anga ali ndi anzawo abwino, ndiye ndalama zawo zikusungika. Aliyense adatsamira mnzake ngati zitseko ziwiri zopanda mphuthu.

Katunduyo sankafika monga ankaonekera. Chovala cha pinki chidafika chotuwa. Bulangete looneka lalikulu pachithunzi lidafika longa mpango. Kotenthetsera botolo kadali ndi pulagi yosalowa m'khoma la kuno. Akadandaula, Bilimankhwe ankatembenuza diso limodzi kumwamba, lina pansi. "Ndi kuwala kwa kamera, madamu. Koma taonani izi zafika lero." Ndipo ankagulanso.

Masiku ena Kalulu sankachoka pageti. "Agogo, ya mafuta sadapereke. K2,000." A Nakamba ankaimba foni ya madamu, osayankha, ali ndi kasitomala. Ankaimba ya bwana, osayankha, ali mumsonkhano. Ndiye ankamasula mfundo ya chitenje chawo, napereka. Tsiku loterolo m'chitini munkagwa nzama.

Seputembala adatha. A Nakamba adagwada pakhomo la chipinda chochezera.

"Madamu, mwezi uja watha."

"Iii, azakhali, matewera akwera. Nayi K30,000. Yotsalayo kawaoneni bwana."

"Bwana, mwezi uja watha."

"Amayi, lendi yandimaliza. Madamu sadakupatseni? Tikonza sabata yamawa."

Okutobala adatha. Idatuluka K25,000, ndi mawu omwe aja.

Mu Novembala Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Shuga adalumpha, mafuta ophikira adalumpha, minibasi idalumpha. Uthenga wa Bilimankhwe udafika m'mawa: "Bwana, kagalimoto kafika, koma randi yakwera. Theka lija lasanduka lina. Mukachedwa, dipoziti yapita." A Pusi adakanda mutu, napita kuseri kwa msika kwa Fisi wa katapila. Fisi adawalandira ndi mano onse. Sabata yomweyo a Nachanga adakongola ku banki m'khonde, poti Bilimankhwe adalengeza Black Friday ndipo mitengo idalembedwa ndi inki yofiira.

Mphatso adakwanitsa miyezi 6, nayamba phala. A Nakamba ankasefa mgaiwa, nathira nsinjiro, namudyetsa ndi kasupuni akumuimbira. Ndiwo ankapita naye kusikelo, ndiwo ankasunga buku lake la kuchipatala m'pepala la pulasitiki. Novembala adatha. Sidatuluke ngakhale tambala.

"Madamu, mdzukulu wanga ali Fomu 4, kusukulu akufuna ya mayeso. Dzina langa latulukanso pa feteleza wa makuponi, K15,000 thumba limodzi. Mvula yayamba."

"Kawaoneni bwana."

"Bwana..."

"Kawaoneni madamu."

Pipiii! Kagalimoto kadafika tsiku lomwelo, kofiira psuu.

Lamulungu madzulo, atadya nsima, a Nakamba adalowa ndi chitini chawo. Adagwada, nakhuthula patebulo. Wayawaya! Adayamba kusankha ndi chala chimodzi, osafulumira.

"Zoyerazi ndi 19. Ndi maulendo a Kalulu obweretsa za madamu. Zofiirazi ndi 14. Ndi za bwana. Nzamazi ndi 6, masiku amene ndidalipira ndine ya mafuta. Ine sukulu sindidapite nayo patali, ndiye ndimawerengera chonchi. Yanga yonse yatsala K107,000."

A Pusi adayang'ana nyemba zoyera. A Nachanga adayang'ana nyemba zofiira.

"Anzanu a kusitolo aja ndi amenewa?"

"Nanga anzanu a ku ofesi aja?"

A Nakamba sadadikire kuti mlanduwo uthe. "Sindikukwiya, ana anga. Mwanayu ndimamukonda ngati wanga. Koma munda sudikira. Mawa ndikwera yoyamba."

M'bandakucha geti lidalira. Kachikwama kadapita, chitenje chidapita. Chitini chokha chidatsala patebulo.

Lolemba limenelo a Nachanga adaimba kuntchito kuti adwala. Lachiwiri a Pusi adaimba kuti kwagwa zovuta. Mphatso adafunafuna msana wa a Nakamba, osaupeza. Lachiwiri usiku adayamba kulira kulira kwenikweni.

Adamuika pa kampando kogwedezeka. Adalira. Adamuyatsira nyenyezi kudenga. Adalira. Kachidole kadamulankhula Chingerezi. Adakaponya pansi. Adamufunditsa bulangete longa mpango, adamugwedezera tinsapato ta kabelu, adamukhazika m'kagalimoto kofiira nakayimbitsa nyimbo zake zonse zitatu. Mwana adangokweza mawu, mpaka agalu a kwa aneba adayamba kumuthandiza.

Kenako mita ya pakhoma idalira katatu. Mdima bii.

"Abambo a Mphatso, mayunitsi si anu kodi?"

"Dikirani, ndigula pafoni."

Adayatsa foni. Mudali K340, ndi uthenga wa Fisi wofunsa ngati ali bwino.

"Kandulo ili kukhitchini," adatero a Pusi, nanyamuka mumdimamo. Phazi lamanzere lidaponda kachidole. Lamanja lidatera pa kagalimoto. Kagalimoto kadayaka magetsi, kadayimba, kadanyamuka. A Pusi m'mwamba, miyendo kudenga, msana pasimenti. Phiii! Chagada. Tebulo lidagwedezeka, chitini chidagubuduka, nyemba zidawagwera kumaso, zoyera ndi zofiira pamodzi.

Mwaseka, eti? Sekani, nanenso ndidaseka. Koma inu amene mukuwerenga nthanoyi mwana ali pamsana pa munthu wina, a Pusi musawaone ngati chitsiru. Sadamwere ndalama zawo, sadatchovere juga. A Nachanga sadagule ngakhale ndolo imodzi yawoyawo. Nyemba zonse 33 zidali za mwana, zogulidwa ndi anthu awiri omusowa mwana wawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tatsegulani mauthenga a ndalama m'foni mwanumo, muwerenge a mwezi wathawu mmodzimmodzi, mnzanu wa m'nyumba ali pambali. Mukatero muone tsiku limene adalandira wakuphikirani phala uja.

A Pusi adagona pansipo nthawi yaitali. A Nachanga adakhala pambali pawo, mwana ali pamiyendo. Mumdimamo adauzana zonse, za Fisi ndi za banki m'khonde, popeza nkhope sizinkaoneka.

Kutacha adaimbira Bilimankhwe kuti abweze katundu. "Katundu wogulidwa sabwezedwa, bwana. Koma taonani izi zafika lero." Adadula foni. Adalongedza zonse m'matumba awiri, napita nazo ku msika wa Tsoka. Kumeneko amalonda adatembenuza kagalimoto uku ndi uku, natchula mtengo wosafika ngakhale theka. Kotenthetsera botolo palibe adakafuna. Suti ya tayi idapita pa mtengo wa kaunjika. Zitaperewera, a Pusi adavula wotchi yawo. Tinsapato ta kabelu tokha a Nachanga adatibweza m'chikwama.

Loweruka adakwera minibasi ya ku Mitundu. Adawapeza a Nakamba kumunda, khasu lili m'manja, chimanga chitangomera. A Pusi adavula chipewa. A Nachanga adagwada pamzere pomwepo.

"Azakhali, tidakulakwirani."

A Nakamba adapukuta manja, nalandira ndalama, naziwerenga pang'onopang'ono, kawiri. Zidakwana K107,000. Mphatso atangomva mawu awo adatambasula manja. Adamuika kumbuyo, namanga chitenje chofwifwa chija. Asanamalize mfundo, mwana tulo.

"Tibwerere limodzi, amayi," adapempha a Pusi.

"Ndayamba kale munda, ana anga. Ndipalire, ndithire feteleza, ndibandire. Mukandifunabe, mudzandiona mu Febuluwale."

Dzuwa litapendeka adamasula mwana, namupereka kwa amake pamodzi ndi chitenjecho. "Ichi tengani. Musachichape ndi sopo wonunkhira."

Miyezi iwiri imeneyo idali yaitali. Mphatso ankasiyidwa kwa mlongo wawo wa a Pusi ku Area 49, minibasi ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo. Fisi adadya malipiro a Disembala, nabweranso mu Januwale. Khirisimasi adadyera usipa. Kope lija lidatsegulidwanso, ndipo pamzere woyamba, pamwamba pa lendi, a Nachanga adalemba dzina la a Nakamba ndi dzanja lawo.

Mu Febuluwale geti lidalira. A Nakamba adapeza Mphatso akukwawa, akukoka chitini chawo pasimenti. Tinsapato ta kabelu tidali titamuchepera kale, asanatipondetse pansi ngakhale kamodzi.