Kodi Mwala Ungacitire Umboni?

Alipo anthu onena kuti mbiri za m'Buku Lopatulika ziri nthano cabe, zonga za Kalulu. Kale ophunzira ena anakayika ngati mfumu Davide anakhalakodi, popeza dzina lace silinapezeke kwina koma m'Malembo mokha. Koma m'caka ca 1993 ofukula zakale anapeza mwala ku Tel Dan, wolembedwa ndi mfumu ya Aaramu, adani a Israyeli, ndipo ucula nyumba ya Davide. Momwemonso m'caka ca 1961 ku Caesarea anafukula mwala wokhala ndi dzina la Pontiyo Pilato, kazembe wa Yudeya.

Komatu khasu silivomereza zonse. Za malinga a Yeriko, kumene Kathleen Kenyon anakumba kuyambira 1952 kufikira 1958, akatswiri atsutsanabe.

Nanga Mkristu atani? Asaope khasu, pakuti coonadi siciopa kufunsidwa. Koma asamangenso cikhulupiriro cace pa khasulo. Mwala utsimikiza kuti Pilato analamuliradi Yudeya. Sungathe kunena ngati anaweruza molungama tsiku lija anasamba m'manja napereka Yesu. Mlandu umenewo suzengedwa ndi miyala, koma mumtima mwa munthu yense wakumva Uthenga.