Kodi Nkokwanira Kuuza Nkhalamba Kuti "Pirirani"?

Mwa nthenda zonse zimene zisautsa okalamba, nyamakazi ya m'mawondo ndiyo tiichepsa koposa, pakuti siipha munthu. Bungwe la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu 365 miliyoni pa dziko lonse anali nayo nthenda iyi pa bondo. Chicherewecherewe chimene chikuta nsonga za mafupa chiperepeseka pang'onopang'ono kufikira fupa likhulana ndi fupa linzake, ndipo chikatha sichimeranso. Madokotala adziwa kudula nsonga zowonongekazo ndi kuikapo chitsulo ndi pulasitiki, ndipo mawondo otere, 8 mwa 10, atumikira mwini wake zaka 25. Koma odwala achuluka, odziwa ntchitoyi achepa. Tsono munthu alembedwa m'buku, nauzidwa kuti adikire. Kuno ku Malawi opaleshoni yotere yachitikapo m'zipatala zowerengeka, monga cha Beit CURE ku Blantyre, ndipo agogo ambiri a kumudzi sadzalembedwa konse m'bukumo.

Nanga moyo wa munthu wodikirayo uli wotani? Madokotala a ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, anafunsa odwala awo mafunso 5: za kuyenda, za kusamba ndi kuvala, za ntchito za masiku onse, za ululu, ndi za nkhawa ya mumtima. M'chaka cha 2019 analengeza kuti mwa anthu 100 odikira bondo latsopano, 12 anali m'moyo umene muyeso wao uutcha "woipa koposa imfa". Mliri wa Covid-19 utaimitsa maopaleshoni, kufufuza kwina kwa mu 2021 kunapeza 22 mwa 100.

Mawu amenewa tiwayese bwino. Si odwala eni ake amene anati imfa iposa moyo wao. Muyesowo unakonzedwa pofunsa anthu wamba kuti aganize za moyo wotere ndi kuupatsa mtengo. Ndipo moyo wa munthu sutsika mtengo chifukwa bondo lake latha. Gogo wosatha kudzuka pamphasa ali munthu wathunthu monga mnyamata wothamanga pabwalo la mpira. Komabe tikanalakwa tikadataya chiwerengero chimenechi chifukwa cha mawu ake oopsa. Chinena zoona pa chinthu chimodzi: kuti ululu wosapha ungathe kumlanda munthu tulo, munda, msika ndi abwenzi, mpaka masiku ake onse asanduka tsiku limodzi lalitali.

Pamenepa ndipo ife athanzi tifulumira kunena kuti, "Pirirani, agogo, ndi ukalamba." Kupirira ndi khalidwe labwino ndithu, Tomasi Woyera wa ku Aquino aphunzitsa kuti ntchito yake ndiyo kuteteza nzeru ya munthu kuti chisoni chisaigonjetse. Koma kupirira kuli kwa iye amene asenza katunduyo. Wina akakulamula ali chiimire, manja ali m'thumba, sikukhalanso khalidwe labwino. Kwasanduka chitseko chimene titseka kuti tisamve kubuula.

Taonaninso mafunso asanu aja. Kuchotsa gwero la ululu ndi ntchito ya dokotala, inde. Koma anai otsalawo ali m'manja mwa ana, adzukulu ndi anansi kwakukulu. Kodi ndani mwa ife anaganizapo za chimbudzi chokumba, kumene munthu ayenera kunjuta? Kwa mwini bondo louma, ulendo umenewo ndi chilango cha tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi amletsa kuutchula, makamaka pamaso pa mkamwini kapena mtengwa. Mpando wobowola pakati ndi mtengo wogwirira zitha vutoli, ndipo mmisiri aliyense wa matabwa angazikhome tsiku limodzi. Mpando wokwera m'malo mwa mphasa, ndowa ya madzi pakhomo, ndodo yolingana ndi msinkhu wake yogwiridwa ku dzanja la mbali ya mwendo wabwino: zonsezi sizidikira ndalama zambiri.

Chifundo china chiwononga. Ana ena akonda kholo lao kotero kuti alilanda ntchito zonse, nalikhazika pakhonde. Koma mwendo wosayenda ufota, minofu ya ntchafu imene ichirikiza bondo ilefuka, ululu ukula, ndipo tsiku la opaleshoni likadzafika munthuyo achira movutika. Madokotala alangiza kuyenda pang'ono masiku onse, ndi kuchepetsa thupi kwa iwo onenepa. Msiyireni gogo kusenda nyemba, kuweruza timilandu ta adzukulu, kupita kumaliro ngakhale pa njinga ya mwana wake. Pakuti wochotsedwa pakati pa anthu adwala kawiri.

Ndi inu akatekisiti, pali chinthu chimene okalamba ambiri sachidziwa. Malangizo a buku la Misa alola wodwala kusagwada. Alipo agogo amene aleka kubwera ku tchalitchi, osati chifukwa cha mtunda, koma poopa kuti anzao akagwada iwo okha adzatsala chikhalire, ndipo anthu adzati anyada. Auzeni poyera Lamulungu likudzali, ndipo muwaikire benchi lokhala ndi chotsamira pafupi ndi khomo.