Lidziweni duwa musanalidule

Ana anga amene mukuphunzira kumeretsa mbewu m'mabotolo a mu labotale, tcherani khutu ndikuuzeni za mtengo wa ku Ulaya wotchedwa horse chestnut. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a ku Greece ndi Albania, ngakhale lero unadzaza m'misewu ya London ndi Paris. Njere zake sizisungika, zikangouma ndiye kuti zafa. Masamba akenso akutha ndi kambozi kotchedwa Cameraria ohridella, kamene kanayamba kuoneka pafupi ndi nyanja ya Ohrid m'zaka za m'ma 1980. Akatswiri anafunafuna njira ina yochulukitsira mtengowu, ndipo mu 1978 Ljiljana Radojević wa ku Belgrade anaonetsa kuti timbewu tingamere kuchokera m'timatumba ta mungu toikidwa m'botolo.

Posankha maluwa ochotsamo timatumbati ndi pamene achinyamata mumapupuluma. Mtengo ukachita maluwa mu Epulo kapena Meyi, phava lililonse limaimirira ngati kandulo yoyera, ndipo ukaliona patali umayesa maluwa onse ndi amodzi. Ayi ndithu. Ambiri, makamaka a kunsonga, ndi aamuna: amatulutsa mungu koma sabereka. Chakumunsi ndiko kumakhala maluwa okhala ndi ziwalo zonse ziwiri, ndipo ndi amenewa amagwira zipatso, zochepa chabe paphava lonse. Inu munakulira m'munda wa chimanga, mukudziwa kuti ngayaye ili pamwamba, ndevu zili pansi, ndipo ntchito zake n'zosiyana.

Tsono timatumba ta duwa la kumunsi ndi ta duwa la kunsonga sitiyankha mofanana m'botolo. Maluwawo ndi osiyana kapangidwe, komanso sakhwima tsiku limodzi. Mungu wofunika pantchitoyi ndi wanthete, umene sunagawikane mkati mwake. Ukapitirira msinkhu umenewo wasankha kale kukhala mungu, ndipo ngakhale muupatse shuga ndi mahomoni otani, kawirikawiri subwerera. Mukathothola maluwa onse a phava n'kuwasakaniza m'mbale imodzi, mabotolo ena adzamera, ena adzangoda bii, inu osadziwa chifukwa chake. Mudzayamba kunamizira chakudya cha m'botolo, n'kutaya miyezi mukusintha miyeso, chikhalirecho vuto linachokera pamtengo.

Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mtengowu umachita maluwa kamodzi pachaka. Mukaphonya, mudikira chaka chamawa.

Ndiye pitani kumtengo ndi kope ndi pensulo. Gawani phava m'zigawo: kumunsi, pakati, kunsonga. Tsegulani duwa limodzi pachigawo chilichonse muone ngati chiwalo chachikazi chakula kapena chafota. Finyani kathumba kamodzi, muuone munguwo pa maikulosikopu musanaike ena m'botolo. Lembaninso mtengo umene mwadulapo ndi msinkhu wake, pakuti mitengo nayo imasiyana.

Timbewu tikamera, musathamangire kukauza aphunzitsi. Maselo a mtengowu ali ndi makromozomu 40, a mungu ali ndi 20. Kambewu kangathe kumera kuchokera pakhungu la kathumba, osati pamungu, ndipo m'maso n'kofanana ndi kanzake. Werengani makromozomu. Timbewu tina timatuluka toyera mbee, topanda kubiriwira kwa masamba, ndipo timeneti sitikula tikachoka m'botolo. Tiwerengeni nato, mulembe kuti tinachokera ku duwa liti ndi chigawo chiti cha phava.