Mtengo wa Mphunzitsi wa Piyano

Kodi luso la mphunzitsi lingayezedwe ndi ndalama zimene amalipiritsa? Kholo lofunira mwana wake mphunzitsi wa piyano limakumana ndi funso limeneli, ndipo kawirikawiri limaganiza kuti wodula ndiye katswiri.

Mbiri ya Franz Liszt imatsutsa maganizo otere. Bambo ake ankafuna kuti mnyamatayo aphunzire kwa Johann Nepomuk Hummel, koma malipiro anawakulira. M'chaka cha 1822 anapita naye ku Vienna kwa Carl Czerny, wophunzira wa Beethoven, yemwe anamuphunzitsa mwaulere. Czerny sanatengeke ndi liwiro la zala za mwanayo. Anamubwezera ku zoyambirira kufikira manja atakhazikika. Liszt atatchuka, nayenso anaphunzitsa ambiri ku Weimar osalandira kanthu.

Komabe nkhaniyi sikutanthauza kuti kulipiritsa ndi kulakwa. Czerny anatha kupereka mphatso imeneyo chifukwa ankaphunzitsa ana a anthu olemera kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ulere wa Liszt unalipiridwa ndi ena. Mphunzitsi nayenso amadya, ndipo kholo lomuumiriza kutsitsa mtengo mopyola muyeso limamudyera masuku pamutu.

Choncho ndalama zimagula nthawi ya mphunzitsi, koma sizigula khutu lake kapena chilungamo chake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: wodulayo angathe kumangoyamikira mwana poopa kutaya malipiro. Mphunzitsi woyenera ndi amene amalimba mtima kunena kuti nyimbo sinapse, ngakhale akudziwa kuti mawuwo angamuchotsere nsima pakamwa.